Akulu Amene Ndinkalambula Nawo Njira ya Kuphiri

Ndinayamba ntchito yolambula njira za m'paki ku Chembe usodzi utandikanika. Kwathu ndi ku Malindi, kumene mwana wamwamuna amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kuvala kabudula, koma ine ndinkayamba kusanza bwato lisanachoke n'komwe pagombe. Nditamva kuti kupaki akufuna munthu wa chikwakwa, ndinati ntchito ya pamtunda ndiye yanga.

Kapitawo anandipereka kwa bambo wina wachikulire, wamfupi, wa ndevu za imvi, Myao wa ku Namwera amene anakwatira ku Chembe komweko. Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kukaima pa nsapato zanga za kutchalitchi zomwe ndinali nditapolisha m'mawa umenewo.

"Kodi kuphiriku kuli ukwati lero?" bamboyo anamufunsa kapitawo uja, ngati ine panalibe.

Atamva kuti ndinakulira pamishoni, anandipatsa dzina loti a Mishoni, ndipo sanandiitanepo mwanjira ina. Ine ndinkangoti akulu.

Ntchito yathu inali ya njira imodzi yokwera phiri, yomwe alendo amadutsa akafuna kukaona zilumba ali pamwamba. Tinkatchetcha udzu, kudula nthambi, kukonza masitepe a miyala amene mvula yagumula, ndi kujambula mivi ya penti yoyera pamatanthwe kuti anthu asasochere. Akulu sankadziwa kulemba, koma muvi wawo unkatuluka woongoka. Wanga ankati ukufanana ndi mlamba wakufa.

Chizungu chawo chonse chinali mawu awiri. Mlendo akatipeza, thukuta lili kamukamu, n'kufunsa kuti pamwamba patsala mtunda wotani, akulu ankamwetulira n'kuyankha kuti, "Faifi minitsi." Kaya tili patsinde pa phiri, kaya pakati, yankho linali lomwelo. Mayi wina wachizungu anatipeza katatu tsiku limodzi, chifukwa ife tinkadulira njira zachidule, ndipo katatu konse anauzidwa faifi minitsi. Kachitatuko anakhala pansi n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Akulu, anthuwa mukuwanamiza," ndinatero mayiyo atapita.

"Ndikawauza zoona abwerera. Ndiye ife njirayi tikulambulira ndani?"

Chaka choyamba chomwecho mwezi wa Ramadani unatipeza kukutentha. Akulu ankagwira ntchito tsiku lonse osalawa ngakhale dontho la madzi. Anandiuza kuti ndisamachite manyazi, ndizidya pamaso pawo. Koma ndikangotsegula kontena yanga, iwo ankakhala moyang'anana nane, chibwano chili m'manja.

"Chinangwacho chikuoneka chaufa bwino. Mwathira mchere? Usipawo ndi wa dzulo kapena wa lero? Tafunani bwino, a Mishoni, musathamange."

Tsiku lachitatu ndinanyamula kontena n'kukabisala kuseri kwa thanthwe. Ndinaiika pansi, n'kutseka maso kuti ndipemphere monga tinaphunzitsidwira kwathu. Pamene ndimati amen, kontena inali m'manja mwa nyani wamphongo wong'ambika khutu, atakhala pamwamba pa thanthwe lomwelo. Anatsegula chivundikiro mosavutika, ngati kontenayo anagula yekha. Ndinakuwa, ndinagenda, iye n'kumangosankha usipa woyamba kudya.

Akulu anaseka mpaka anagwira mtengo.

"Alhamdulillah, lero mwasala nafe! Mawa muzipemphera diso limodzi lili lotsegula."

M'mawa mwake ndinamangirira kontena kunthambi ndi chingwe. Nyani anamasula. Tsiku linalo ndinaikwirira m'masamba, anaifukula. Pomaliza ndinangosiya kunyamula chakudya, ndipo akulu anayamba kunditenga kwawo madzulo kuti tikamasulire limodzi. Akazi awo ankaphika futali wa mbatata wothira nsinjiro zambiri. Ankandiyang'ana ndikuwonjezera kachiwiri, n'kuuza amuna awo m'Chiyao, poganiza kuti sindikumva, kuti uyu wosalitsidwa ndi anyani akudya kuposa osala enieni.

Nthawi ya swala, pemphero lawo la masana, akulu anali ndi mwala wawo wafulati pansi pa mkuyu. Ankayala kansalu, ine n'kuima kumbuyo kwawo ndi legeni kuti anyani asawabere nsapato. Ankati sanaganizepo kuti adzakhala ndi mlonda wa ku mishoni. Tinagwira ntchito chomwecho zaka zingapo, tikukangana za penti, za mpira, ndi za amene wanola chikwakwa molakwika.

Tsiku lomwe akulu anamwalira kunali kutagwa mvula yamphamvu dzulo lake. Tinapeza mtengo waukulu wa mombo utazuka n'kugona chopingasa njira, pamalo otsetsereka chapafupi ndi pamwamba. Tinali ndi sowo ya anthu awiri, yobuntha, yomwe akulu ankaidandaula chaka chonse. Tinacheka kuyambira m'mawa, iwo uko ine kuno, akundinena kuti ndikukoka ngati ndikupempha. Thunthu litatsala pang'ono kuduka, anandiuza kuti ndiime kaye, iwo atsikire kumunsi akachotse mwala womwe unkatchinga. Nthaka inali yonyowa. Thunthu linathyoka lokha, chigawo chimodzi n'kugubuduka, kuwapanikiza pachifuwa ndi thanthwe.

Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinalowetsa mtengo wina pansi pa thunthulo n'kulitembenuza. Magazi sanali ambiri, ndipo ndinaganiza kuti apulumuka. Ankapuma movutika, akunong'ona mawu a Chiarabu omwe ndinkawamva akamaswali. Kenako anatsegula maso.

"A Mishoni."

"Ndili pano, akulu."

"Sowo ija musaisiye pamvula. Adzati taiononga ndife."

Pamalopo foni sinkagwira. Ndinawatsamiritsa pa jekete langa n'kuthamangira pamwamba kukaimbira kapitawo. Pobwerera ndinapeza atatisiya, kapu yawo yoyera itagwera pambali. Ndinawaveka, n'kukhala nawo pansi pomwepo mpaka anthu anafika.

Anabwera alonda a paki awiri ndi asodzi anayi, abale a akazi a akulu. Tinapanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete. Potsika ndi pamene asodzi aja anayamba kudandaula. Masitepe onse a njirayo akulu anawayeza ndi miyendo yawo yaifupi, ndiye anthu ataliatali ankangopunthwa, kuponda awiri nthawi imodzi kapena kuphonya onse.

"Masitepe a ana a sukulu awa anamanga ndani?" anafunsa msodzi wina, thukuta likuyenderera.

"Ndi amene mwanyamulawo," anayankha mlonda.

Tinayesa kudzigwira koma zinakanika. Tinawatsitsa pansi pang'ono kuti tiseke bwino, ena akupukuta misozi, kenako tinawanyamulanso.

Kwathu maliro amagona, kwaya imayimba, anthu amadikira achibale ochokera kutali. Ine ndinaiwala kuti kwa anzathu sizitero. A chipatala ndi apolisi atamaliza zawo, ndinapita kunyumba kukasamba ndi kuchapa malaya, ndikuganiza kuti mwambo ndi wa mawa. Ndili pakati pochapa, mayi woyandikana nane anandikuwira kuti jeneza, chonyamulira maliro chija, latuluka kale mumzikiti. Ndinathamanga ndi malaya onyowa, ndipo ndinapeza anthu ali pafupi ndi manda, akuyenda mofulumira ngati akuthawa mvula. Amuna ankasinthana mapewa osaima. Wina anandikokera kuti nanenso ndinyamuleko, koma poti ndine wamtali, mbali yanga inakwera ndipo jeneza linapendekeka. Shehe anandiyang'ana. Ndinapinda mawondo n'kuyenda chonyonyomala mpaka wina anandilandira.

Patapita masiku angapo ndinapita kukaona akazi a akulu. Anali pakhonde ndi mng'ono wawo, akusankha mpunga. Anandiyalira mkeka, n'kundifunsa mafunso ambiri: ngati amuna awo anavutika nthawi yaitali, ngati anakwanitsa kutchula dzina la Mulungu. Ndinawauza kuti anatchula, ndinamva ndi makutu anga. Anagwedeza mutu.

"Nanga ine ananditchula?"

M'njira monse ndinali nditakonza bodza labwino, loti anati muwauze mayi asamalire ana. Koma atandiyang'ana m'maso, bodzalo linathawa.

"Ayi, mayi. Anatchula sowo."

"Sowo?"

"Anati ndisaisiye pamvula."

Anasiya kusankha mpunga. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaganiza kuti ndawaliritsa. Anali akuseka. Anagwira mng'ono wawo paphewa.

"Wamva? Zaka zonsezi ndikumuphikira, iye n'kutsanzika sowo! Mukanandiuza zina, a Mishoni, ndikanadziwa kuti mukunama."

Anaseka, analira pang'ono, n'kupukuta maso ndi nsonga ya mpango. Kenako anandifunsa ngati sowoyo ndinaichotsadi pamvula. Ndinavomera kuti ayi, ndinaiiwala pomwepo tsiku lija, ndipo palibe amene anakwerako kuchokera pamenepo.

"Ndiye mukudikira chiyani? Imwani tiyi mupite mukaitenge."

Ndinamwa tiyi, n'kukwera phiri masana omwewo. Ndinaipeza m'matope pambali pa thunthu lija, itachita kale dzimbiri mbali imodzi. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuikwecha ndi mchenga.