Galimoto Yogwada ya Amalume

Ndikukumbukira fungo la oyilo m'kamsewu kathu ku Spinney Hill, mu mzinda wa Leicester, ine ndili kamtsikana ka ku pulayimale. Amalume anga a Dalitso ankagwira ntchito yopakira katundu, koma mtima wawo unali pa magalimoto ovina a ku America omwe ankaonera pa vidiyo, aja oyenda mimba ili pansi kenako n'kudumpha. Anagula chigalimoto chakale chofiirira, anachotsa masipuling'i, n'kuikamo mapampu a oyilo ndi mabatire odzaza buti yonse. Akadina batani galimoto inkanyamuka m'mwamba, akadina lina inkatsika mpaka kununkhiza phula. Anaiwala kuti anzawo a ku America ali ndi dzuwa ndi misewu yotakasuka. Ife tinali ndi mvula ndi mahampu pakona iliyonse.

Nthawi imeneyo ankafuna kukwatira anti Tamanda, namwino wa ku Beaumont Leys. Mkaziyo anali atalola, koma amalume ake, a Mbewe, ankati mnyamatayo ndi wamwano, amapereka moni manja ali m'thumba. Popanda mawu a Mbewe panalibe ukwati.

Amalume anga anaganiza zoonetsa ulemu woti Leicester yonse isimbe. Kwathu mwana amagwadira akulu, ndiye iwo anati galimoto ndiyo ikawagwadire a Mbewe. Kugwada eni ake ayi, poti suti inali yatsopano.

Tsiku lokaonekera kuchikazi, ine ndi mayi anga tinakhala kumbuyo. Njira yonse tinkagunda mitu kudenga, pakuti galimoto yopanda masipuling'i imamva kamwala kalikonse. Mayi ankaitana Yesu pa hampu iliyonse. Tinapeza a Mbewe ataima pakhomo atavala jekete, azimayi a zitenje ali pambuyo pawo. Amalume anadina batani. Kutsogolo kwa galimoto kunatsika pang'onopang'ono, mphuno yake n'kukhudza pansi pamaso pa mkuluyo. Ndisaname, zinali zokongola, mpaka mayi wina analuluta.

Kenako amalume anadinanso kuti idzuke. Pampu inalira ngati mbuzi, paipi inaphulika, oyilo n'kuyenderera mpaka pa nsapato za a Mbewe. Galimoto inangokhala chogwada pakati pa msewu, matako ali m'mwamba, madalaivala kumbuyo kwathu akuliza mahutala. Amalume anatuluka n'kuyamba kusuzumira kunsi kwake, moni osapereka.

"Ndi paipi chabe, ankolo, ndiyisota pompano," anatero mutu uli pansi pa bampala.

A Mbewe anayang'ana nsapato zawo, kenako anayang'ana amalume.

"Galimotoyi inaleredwa bwino," anatero. "Ikanabwera yokha, tikanakambirana."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinawamvera chisoni amalume, koma mayi anga anaseka mpaka misozi m'basi pobwerera, akupukuta maso ndi chitenje chomwe tinati tikapereke ngati mphatso.

Masiku ano akuluakulu ngati a Mbewe amangomva za ukwati pa foni, tsiku litasankhidwa kale, ndipo palibe amene amadikira mawu awo. Amalume anabadwa msanga. Pano imvi zili mbuu, akadali osakwatira, ndipo amalimbikirabe kuti wolakwa anali wogulitsa mapaipi. Anti Tamanda anakwatiwa ndi dalaivala wa basi wa ku Nottingham, mnyamata wofatsa wochokera ku Zambia. Basi yake imagwadira nkhalamba iliyonse pa siteji kuti ikwere bwino, ndipo ikatero imadzukanso.