Agogo pa Mzere wa Kalembera

Agogo anga aakazi anabwera m'Malawi pachitengwa. Anabadwira ku Zambia, pamudzi woyandikana ndi malire moti kukagwa maliro kumeneko, kulira kwake kumamveka kwathu. Agogo aamuna, amene ine sindinawaone, anakapempha kwa eni mbumba kuti atenge mkazi wawo adzakhale naye kuno ku Mchinji m'malo moti iwo akakhale pachikamwini. Eni mbumba analola. Agogo anabereka ana kuno, anaika amuna awo kuno, kenako anaika mayi anga. Bambo anali atamwalira kale ku esiteti ya fodya. Ndinatsala m'manja mwa agogo ndili ndi zaka zinayi.

Mkazi wa pachitengwa sasintha kwawo. Ngakhale akalambire pamudzi wa mwamuna, ukamufunsa amatchula mudzi wa amayi ake, kumene kuli amalume ake ndi manda a mtundu wake. Ndipo popeza ife mwana amatsata kuchikazi, kwawo kwa agogo ndiko kunali kwathu ine. Izi ndinkazidziwa, koma pa mafomu onse a kusukulu ndinkalemba mudzi wa agogo aamuna.

Ndinakula wosakonda kulankhula. Ndinkangoyang'ana. Pofika pa unyamata ndinali nditadziwa kuzindikira munthu amene angakutengere nkhani kwa akuluakulu a chipani pongoona mmene akupendekera mutu pomvetsera. Agogo ankandiseka nazo. "Amuna anga, maso onsewa mudzagulitsa kuti?" Kuyambira ndili wamng'ono ankanditchula choncho, amuna anga, monga amachitira agogo ndi adzukulu.

Nthawi imeneyo pulezidenti sitinkasankha, anali wamuyaya. Aphungu tinkasankha, koma pa maina amene chipani chatipatsa. Ndiye chinafika chaka chimene boma linalola kuti anthu avote, anene ngati akufuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Ine ndinali mphunzitsi wogwirizira pa sukulu ina ya pulayimale, mtunda wa maola atatu wapansi kuchokera kwa agogo. Ahedi ananditenga kuti ndikhale mmodzi wa olemba kalembera. Anatiphunzitsa ku boma kuti wolembetsa akhale Mmalawi wa zaka zokwanira, ndipo amene alibe chitupa chilichonse, pakhale munthu womuchitira umboni. Loweruka ndinapita kwathu n'kudzitama kwa agogo kuti maina a anthu a dera lonselo adutsa m'dzanja langa.

Anali masiku a mantha. Ku Zambia anali atasintha kale boma, ndipo makalata onyoza chipani ankalowa kudzera m'njira zathu zomwezi, m'matumba a pa njinga. Aliyense wokhala ndi abale mbali inayo ankamuyang'ana kawiri. Ine ndinali nditafunsira malo ku koleji ya aphunzitsi, ndipo ndinkadikira kalata yondichitira umboni yochokera kwa atcheyamani a chipani a dera limenelo. Pa sukulupo panalibe amene ankadziwa za kwathu kwenikweni.

Atcheyamaniwo sanali m'gulu la olemba, koma tsiku lililonse ankabwera ndi mpando wawo n'kukhala pakhonde, pafupi ndi chitseko cha kalasi imene tinkalemberamo. Anali munthu wanthabwala. Aliyense wa pamzere ankamupatsa moni, n'kumufunsa za mtedza, za ana, za kwawo.

Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera, ndinadzutsa mutu n'kuona agogo pamzere. Anali atavala nsalu yawo ya chipani imene ankavinira pa misonkhano, kamtolo kali pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Pafupi ndi kwathu panali malo ena olembetsera, pamene aliyense ankawadziwa. Iwo anawasiya amenewo n'kuyenda mtunda wonsewo kuti dzina lawo lilembedwe ndi dzanja limene analipititsa kusukulu. Atandiona anamwetulira, koma sanandiitane. Ankadziwa kuti munthu ali pantchito.

"Agogo, nsalu yokhayi ndi voti kale!" anatero atcheyamani, anthu n'kuseka. "Koma nkhopeyi sindinaione kuno. Kwanu n'kuti?"

Agogo anatchula mudzi wa amayi awo ndi mfumu yake.

"Aa! Kwa anzathu a zipani zambiri aja? Ndiye mwasochera, agogo. Kwanu munavota kale."

"Ine ndine wa pachitengwa, atcheyamani. Chikwatiwire ndimalima kuno. Makhadi a chipani ndadzaza nawo kachitini."

"Ndiye tchulani mudzi wa kuno."

"Wa kuno ndi wa amuna anga. Mwandifunsa kwathu. Mukufuna ndikane amayi anga chifukwa cha pepala?"

Amayi ena a pamzere anavomereza chapansipansi, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mkazi amayankha choncho. Atcheyamani anasiya kuseka. Ahedi, munthu wosafuna mikangano, anatuluka n'kuwalowetsa agogo m'kalasi, pafupi ndi tebulo langa. Anawafunsa ngati ali ndi chitupa cha ubatizo kapena chilichonse. Analibe.

"Palibe vuto," anatero ahedi. "Lamulo likuti pakhale umboni. Alipo pano amene akuwadziwa amayiwa?"

Atcheyamani anali ataimirira pachitseko. Ine ndinaona zonse, monga mwa chizolowezi changa. Ndinaona mmene anapendekera mutu. Ndinaganiza kuti ndikangoti awa ndi agogo anga, funso lotsatira likhala lakuti akuchikazi kapena akuchimuna, ndipo aliyense m'chipindamo awerengera yekha kumene kuli kwathu. Ndinaganiza za kalata ija. Ndinayamba kukonza mapepala amene anali okonzeka kale.

Ahedi anafunsanso kachiwiri. Agogo anandiyang'ana kamodzi kokha, osati nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pa bolodi, pamene panali masamu a ana a Sitandade 3 osafufuta. Akanatha kuloza chala. Sanaloze.

"Aphunzitsi," anatero ahedi kwa ine, "alongosolereni bwinobwino, akalembetse kumene amawadziwa."

Ndinayenera kutsegula pakamwa tsopano. Mawu amene anatuluka ndi awa: "Amayi, pano sizitheka."

Amayi. Munthu amene ananditafunira chakudya.

Agogo anapinda mawondo, n'kuwomba m'manja mwaulemu monga amachitira kwa munthu waudindo. "Zikomo, aphunzitsi," anatero. Anatuluka.

Masana akazi a ahedi anabwera ndi mbale ya mtedza wauwisi wophika. Anati gogo wina wawasiyira kamtolo kuti apatse aphunzitsi olemba kalembera. Tinakhala pakhonde n'kumadya. Atcheyamani anatapa kawiri. "Koma a ku Zambia mtedza amautha," anatero. Unali mtedza wa m'munda wa kuseri kwa nyumba yathu, umene ndinathandiza kupalira pa tchuthi. Ndinadya nawo, poopa kuti ndikakana andifunsa chifukwa.

Loweruka ndinapita kwathu. Ndinawapeza akuyanika mtedza pabwalo. Anandilandira, anandipatsa madzi, anafunsa za ulendo. Ndinati masiku a kalembera akadalipo, tipite pa malo apafupi aja, anthu a m'mudzi akawachitira umboni.

"Miyendo yatopa, aphunzitsi," anatero.

Ndinadikira kuti aseke, anene kuti amuna anga. Anapitiriza kuyala mtedza.

Tsiku lovota kunali kozizira. Ovotetsa anandipatsa mapepala awiri, lina la tambala wakuda wa chipani chimodzi, lina la nyali ya zipani zambiri. Ndinalowa m'malo obisika ovotera, ndinaponya la nyali, ndipo ndinatuluka ndikudziona ngati munthu wolimba mtima. Kumene kunalibe wondiona ndinalimba mtima ndithu. Nditapita kwathu agogo anagwira chala changa, n'kuyang'ana inki ya kovotera nthawi yaitali. Sanafunse kumene ndinaponya, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene iwo akanaponya. Mwina akanaponya tambala. Linali voti lawo.

Kalata ya atcheyamani ndinailandira, koma pamene koleji inkatiitana zinthu zinali zitasintha, panalibenso amene anaifunsa.

Chaka chotsatira kunabwera kalembera wina, woti tsopano tisankhe pulezidenti pakati pa anthu angapo, zithunzi zawo zili pa mitengo ndi pa magolosale. Ndinabwereka njinga, ndinamanga pilo pa kaliyala, n'kupita kukawatenga. Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Ndinagwada pakhonde n'kunena kuti ndinalakwa, kuti ulendo uno ndikaima pamaso pa aliyense n'kunena kuti awa ndi amayi a mayi anga, kwawo ndiko kwathu.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Anandiuza kuti ndidzuke, ndidetsa thalauza.

"Zimenezo ndinakafunsa kale kwa aphunzitsi," anatero. "Anati sizitheka."

Sanalembetse chaka chimenecho, ngakhale china chilichonse. Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, akundiphikira ndikabwera, akulera ana anga pa tchuthi. Mwana wanga wamwamuna ankamutchula kuti amuna anga. Kwa agogo ine ndinakhalabe aphunzitsi mpaka tsiku limene abale awo anabwera kuchokera kuseri kwa malire kudzawatenga kuti akagone pafupi ndi amayi awo.