Ampulifaya ya Achimwene

Achimwene anafika ku Greenbelt, kuno kutsidya kwa nyanja kumene ndimakhala, ndi chikwama chimodzi ndi gitala. Mkazi wanga anafunsa ngati katundu wina watsalira pa bwalo la ndege, koma ayi, zonse zinali zomwezo. Alamu, akazi awo, anali atamwalira, gulu lawo loimba linali litabalalika kalekale, ndipo ine mng'ono wawo ndinawaitana kuti adzakhale nafe, apumeko, aonanenso ndi madokotala za shuga wawo. Zoonana ndi madokotalazo ankangozizengereza, ine osawakakamiza.

Ku Blantyre ankadziwika. Sindikunena kuti ankamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, koma paukwati wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni, achimwene akangogwira gitala, ngakhale ophika kuseri ankabwera kudzasuzumira. Ine kuimba kunandikana. Zala zanga n'za sikuludiraiva. Ndisanabwere kuno ndinkakonza mawailesi ku Limbe, ndipo ampulifaya ya achimwene, yokuzira mawu a gitala, ikafa, woidzutsa ndinali ine. Kuno ndimasambitsa ndi kudyetsa okalamba m'nyumba ina yosamalira odwala ku Takoma Park. Ndimawadula zikhadabo, ndimawayang'ana mapazi ndi manja ngati atupa kapena ali ndi zilonda, ndikulemba zomwe ndaona. Ntchitoyi ndimaidziwa bwino, ndipo zimenezi n'zomwe zimandipweteka kwambiri ndikamakumbukira.

Atatha sabata, ndinawabwerekera kaampulifaya ka kutchalitchi. Anaimba pang'ono, mopunthwapunthwa, ine ndikuti n'kutopa kwa ulendo. Pasanathe mphindi khumi, mayi wokhala pansi pathu anagogoda. Makoma a nyumba zathuzi ndi opyapyala moti mnzako akayetsemula kwake umafuna kumupepesa. M'mawa mwake tinapeza kalata ya dandaulo yochokera kuofesi ya eni nyumba pansi pa chitseko. Achimwene anabwezera gitala m'bokosi lake.

"Ndi bwino choncho," anatero. "Kameneka kakulira ngati udzudzu m'chitini. Gitala imafuna mavalavu, iwe ukudziwa."

Ndinkadziwadi. Mavalavu ndi timabotolo tagalasi timene tinkakhala m'mawailesi akale, timene timayaka mofiirira mkati. Ampulifaya ya mavalavu imakoma ukaikankha mpaka iyambe kusasa mawu, koma ikafika pamenepo imakhala ikugwedeza mazenera. Ukaitsitsa, kukoma konse kumathawa. M'nyumba ngati yathu, ndiye kuti basi, palibe kuimba.

Kuyambira tsiku limenelo achimwene anasanduka munthu wa pampando. Ndikamapita kuntchito ndinkawasiya akuonera kanema, ndikamabwera ndikuwapeza pomwepo. Kutchalitchi anthu ankawapempha kuti adzaimbe, iwo n'kumati, "Zida zilibe mawu kuno." Munthu amene ankadzaza holo ndi chala chimodzi anali akuzimirira m'chipinda changa chochezera, ndipo ndinachita mantha. Ndinadziuza kuti akangoimbanso, achimwene abwerera.

Ndinawerenga kuti pali njira. Umaika kachopotokola kena kamene kamachepetsa mphamvu ya magetsi opita ku mavalavu, osati mawu okha. Mavalavu akapatsidwa magetsi ochepa amafika msanga posasa paja, ndiye ampulifaya imalira ndi mtima wonse koma motsitsa, ngati munthu woimba nyimbo ya maliro pafupi ndi mwana wogona. Nditamvetsa zimenezi ndinasangalala ngati ndatola ndalama. Ndinaitanitsa matiransifoma awiri, mavalavu, sipika, mawaya ndi tizipangizo tina tambirimbiri, n'kulanda tebulo lodyera.

Ndinamanga Loweruka lililonse kwa miyezi isanu. Maso anga sanalinso a ku Limbe, ndinkawotcherera nditavala magalasi awiri. Tsiku lina ndinaiwala kuti magetsi amatsalira mkati ngakhale utazimitsa, ndipo anandimenya mpaka ndinaluma lilime. Mkazi wanga ankadyera pamiyendo, akung'ung'udza kuti nyumba yonse ikununkha utsi wa mtovu. Achimwene ankabwera kudzaima kumbuyo kwanga, manja ali m'matumba. Ine ndinkati akusirira.

Tsiku loyesa, mavalavu anayaka bwinobwino. Ndinapotokola kachopotokola kaja mpaka pansi, n'kukhudza nsambo imodzi ndi chala changa chosadziwachi. Mawu anatuluka onenepa, ofunda, koma osapitirira pakhomo. Ndinawapatsa gitala achimwene. Anagwira, anakhudza nsambo ziwiri zitatu, n'kusiya.

"Sinafike," anatero. "Mawu a pansi akuchepa."

Mkulu salakwa, makamaka pa nkhani ya makutu. Ndinatsegulanso n'kusintha zina. Loweruka lotsatira anati mawu a pamwamba akubaya. Ndinasintha. Kenako anati ikung'ung'udza, ine osamva kung'ung'udza kulikonse, komabe ndinasuntha mawaya onse a mkati. Kenako anati sipika ndi yolimba. Ndinagula ina. Nthawi iliyonse ankakhudza nsambo ziwiri zitatu basi, n'kuikhazika gitala pambali mosamala ngati dzira. Chilimwe chinatha, masamba anayoyoka, chisanu chinalowa, ine ndikanali pa tebulo lomwe lija. Ndinayamba kudana ndi chinthu chimene ndinapanga ndekha. Ndinkachitukwana chamumtima ndili m'basi, ndikamasambitsa odwala ndinkaganiza za mawaya. Ndinagwira njakata, koma sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti vuto lingakhale kwina.

Mkazi wanga, amene ndi namwino, anandikokera kukhitchini tsiku lina.

"Bambo a m'nyumba, mwaona mmene alamu akugwirira kapu? Ndi manja awiri. That's not normal. Tawayang'anani zala."

Ndinapsa mtima. "Ndiwayang'ane zala ngati patient? Amene aja ndi achimwene anga. Anandilera ndi amene aja. Ukufuna ndiziwagwiragwira ngati mwana?"

"Chabwino," anatero, n'kubwerera ku mbale zake.

Kwathu mng'ono sauza mkulu wake kuti tambasulani manja ndione. Umafunsa kuti mwadzuka bwanji, iwo amati ndadzuka, nkhani yathera pomwepo. Tsiku lililonse ndinkagwira manja a azungu okalamba osawadziwa, kuwatembenuza, kuwatsina kuti ndione ngati akumva. Dzanja la achimwene ndinkangoligwira popereka moni, ndipo ngakhale pamenepo maso anga ankakhala pansi. Ndinkati ndi ulemu. Lero ndimaona kuti mwina ndinkaopanso zomwe ndikanapeza.

Zinaululika Lamlungu lina masana titabwera kutchalitchi. Ampulifaya inali itayaka kwa ola lathunthu, kumbuyo kuli kotsegula chifukwa ndinali ndisanabwezere chivindikiro. Valavu ikatentha sugwira, imawotcha ngati mbaula. Achimwene anaima pafupi n'kuyamba kundifotokozera zomwe zikusowabe. Ankalankhula akuyang'ana ine, dzanja lamanzere atatsamiritsa pa ampulifaya. Ndinamva fungo lachilendo, ndipo ndinayamba n'kuganiza kuti tiransifoma ikupsa. Nditasuzumira ndinaona zala zawo ziwiri zili pa galasi la valavu. Iwo anali akulankhulabe za mawu a pansi.

Ndinalikoka dzanja lija mwamphamvu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo moyo wanga wonse. Khungu la kunsonga linali litayera, litakwinyika. Achimwene analiyang'ana ngati dzanja la munthu wina.

Ndinapita nawo pa sinki n'kutsegula madzi ozizira. Tinaima pamenepo nthawi yaitali, ine nditagwira mkono wawo. Ndipamene ndinaona zipsera zina zakale, ting'onoting'ono, za mpeni ndi za madzi otentha, ndi zikhadabo zosadulidwa bwino.

"Zinayamba liti, achimwene?"

"Ndikanali kumudzi."

"Ndiye ampulifaya ija?"

Anayang'ana madzi akutsika pa zala zawo. "Inali bwino tsiku loyamba lomwe," anatero. "Sindinamvepo yokoma choncho. Koma ndikanati yafika, ukanati imbani."

Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kulira, ndipo zonse ziwiri zinakanika. Pafupifupi chaka chathunthu ndinali ndikuchiza chitsulo chopanda matenda, wodwala ataima kumbuyo kwanga manja ali m'matumba. Iwo ankachita manyazi kuuza mng'ono wawo, amene akuwadyetsa ndi kuwagoneka, kuti chinthu chimodzi chimene ankadziwika nacho chapita. Ine ndinkachita manyazi kufunsa. Tinalemekezana mpaka matenda anapeza mpata wonse umene ankafuna.

Lachitatu lake ndinapempha tchuthi n'kupita nawo kuchipatala. Ulendo uno sindinawafunse maganizo. Adokotala anali mayi wodekha. Anamasula bandeji, anayang'ana, anawavula nsapato n'kuyang'ananso mapazi, nkhope yawo n'kusintha. Anandiuza mwachizungu kuti shuga wadya mitsempha, kuti atha kuyesa kuteteza zomwe zatsala, koma zomwe zapita kawirikawiri sizibwerera. Anafunsa kuti bwanji tinachedwa chotere. Anandifunsanso ntchito imene ndimagwira, ndipo ndinayankha motsitsa kwambiri moti anachita kundibwerezetsa.

Kenako anatenga kaulusi kolimba koyezera, nati achimwene atseke maso, azinena akamva kakuwakhudza. Ine ndinamasulira. Achimwene anatambasula dzanja pa tebulo, natsinzina. Adokotala anakhudza chala chachikulu. Chete. Anakhudza chamkombaphala, anakanikiza mpaka kaulusi kanapindika. Chete. Anakhudza chachitatu, chimene chinkayenda pa nsambo ngati chili ndi nzeru zakezake. Chete.

Achimwene ayenera kuti anamva mmene ndinkapumira pambali pawo. Adokotala anatembenuka kuti alembe, kaulusi kali m'mwamba, kutali ndi dzanja.

"Eya," anatero achimwene, maso ali chitsekere, nkhope atalozetsa kwa ine. "Apo ndamva, mphwanga. Ndamva bwinobwino."