Chithunzi cha Esinati M'munda wa Tiyi

Fungo la masamba a tiyi onyowa limandibwezera ku dzinja limene ndinali mu Sitandade 7. Tinkakhala m'malayini, nyumba za kampani zogundana khoma ndi khoma, moti woyandikana naye akatsokomola unkangoti ali m'nyumba mwanu. Chaka chimenecho ankatsokomola anali amayi ake a Esinati, mnzanga wokhala naye benchi imodzi.

Lamulo la pa esiteti linali lodziwika: nyumba ndi ya munthu amene nambala yake ya ntchito ikuoneka pa sikelo yoyezera tiyi. Ukajomba masiku ambiri, amalowamo wina. Amayi ake atafooka, Esinati ankadzuka mbandakucha, kuvala thumba la feteleza kuti mame asamunyowetse, kubereka dengu, n'kukathyola tiyi kumunda wa kumtunda, kumene akapitawo ankafika mochedwa. Dzuwa likatuluka amayi akewo ankakwera pang'onopang'ono, kutenga dengulo n'kupita nalo ku sikelo ngati athyola okha. Azimayi anzawo ankayang'ana kumbali, chifukwa mwana saloledwa kugwira ntchito m'munda wa tiyi. Zonsezi Esinati anandinong'oneza yekha.

Kusukulu ankafika belu litalira kale, zala zili bii ndiponso zong'aluka. Thoko, mwana wa akalaliki, anali ndi foni ya kamera ya achimwene ake, komanso pakamwa posatopa. Esinati akamadutsa, iye ankagwira mphuno. Ine ndinkalakalaka kulowa m'gulu la Thoko, limene pa buleki linkadya mandasi n'kumaonera zithunzi mitu itagundana. Tsiku lina Thoko anandikodola.

"Iwe, mnzako uja manja akewo amakumba nawo chani?"

Ndinamuuza zonse, mpaka munda wake ndi nthawi yake. Sanandiopseze, sanandikakamize. Ndinkangofuna andimwetulire basi.

Patapita masiku awiri chithunzi chinatuluka: Esinati ali m'thumba la feteleza, dengu kumsana, kukamwa yasa ndi kudzidzimuka. Chinayenda foni ndi foni, m'magulu a ana a sekondale, mpaka kwa anyamata a kabaza ku Luchenza, aliyense akuwonjezerapo mawu ake achipongwe. M'kalasi anayamba kumuitana Mayi Feteleza. Wina anamuthirira masamba a tiyi m'chikwama cha mabuku. Aphunzitsi atamva anangoti, "Zachibwana izi, zitha zokha." Ine ndinaseka nawo, ndipo mandasi aja ndinadya.

Esinati sanalirepo pamaso pathu. Anangosendera kumapeto kwa benchi, manja atabisa m'khwapa. Anandiyankhula kamodzi kokha, tikuchokera kumjigo, ndowa zili pamutu.

"Pasukulu ponse paja ndinauza iwe wekha."

Madzi ankandidonthera m'khosi, ine n'kumayang'ana matope.

Kenako chithunzicho chinafika m'foni ya akapitawo, n'kukathera ku ofesi. Sabata yomweyo nambala ya amayi a Esinati anaifufuta. Ndinawaona akutulutsa katundu mvula ikuwaza: mphasa, ndowa, mapoto awiri ndi bulangete, zonse zinakwana pa njinga imodzi. Ankati akubwerera kwawo ku Goliati. Amayi anga anawathandiza kumanga mtolo, ine nditabisala kuseri kwa chitseko ndi manyazi. Amayi a Esinati ankayenda pang'ono n'kuima kuti apume, mwana wawo atawagwira pamkono. Sindinamuonenso.

Panthawiyo ndinkadziuza kuti wolakwa ndi Thoko, poti foni inali m'manja mwake, ine ndinangoyankha funso. Ndinkaganizanso kuti kunyozana kumathera pabwalo la sukulu. Lero mwana wanga akabwera akugubuduka ndi kuseka, kudzandionetsa chithunzi cha mnzake pafoni, sindiseka naye. Ndimamufunsa kuti mwanayo amakhala kuti, nanga nyumba yawoyo ndi ya ndani. Amandiyang'ana modabwa, osamvetsa chifukwa chake ndikufunsa zimenezo. Inenso pa msinkhu wake sindikanamvetsa.