Chipsera cha pa Phewa la Achimwene

Tsiku limenelo mabatire a wailesi anali padzuwa. Achimwene anga a Luka anawayala pa denga la khola kuti pofika madzulo akhale atapezako mphamvu pang'ono. Inu ana obadwira ku Chelstone kuno ku Lusaka, amene nyimbo mumayenda nazo m'thumba, musaseke. Kwathu ku Mozambique, kufupi ndi malire a Zambia, munthu ukafuna kumva nyimbo za roko unkayamba wayanika mabatire.

A Luka anagwirapo ntchito ku galaja ku Chipata. Anabwerako ndi tsitsi losapesa, Chingerezi cha m'nyimbo, ndi misala ya gitala. Yawo anapanga okha ndi chigubu cha mafuta, thabwa, ndi mawaya anayi a mabuleki a njinga. Ankaikoleka paphewa ndi chingwe cha khonje popita kudimba, kumtsinje, ngakhale kokatema nkhuni. Amayi ankauza anthu kuti mwana wawo anakwatira chigubu.

Mfuti zinayamba kulira cha kusukulu dzuwa lisanafike pamutu. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. Abambo anali kudimba, kutsidya kwa mtsinje, komwe utsi unayambira.

Amayi anasenza ufa ndi bulangete. A Luka ananyamula mng'ono wanga Tereza pakhosi. Ine, kamtsikana kongosinkhuka kumene, ndinauzidwa kutenga mphika. Ndinalowa m'nyumba, ndinagwira chimene chinali pafupi ndi khomo, ndi kuthamanga. Amayi anatuluka pomaliza. Anacheuka titalowa kale m'thengo, n'kupeza ndakumbatira gitala.

Sanandimenye, chifukwa manja onse anali ndi katundu. Anangoti, "Chabwino. Tiziphikira m'menemo."

Nthambi ikakhudza mawaya, gitala inkalira. Ndiye ndinaikulunga m'chitenje n'kuibereka kumsana. Mayi wina amene tinakumana naye m'njira anandimvera chisoni, nafunsa ngati mwanayo akuyamwa bwino. Amayi anayankha kuti ayi, amangolira basi. A Luka anaseka mosatulutsa mawu mpaka Tereza anatsala pang'ono kugwa.

Ufa tinkausungunula m'madzi a m'chitsime n'kumwa wosaphika. Nthawi iliyonse amayi ankandiyang'ana asanameze. Patapata wawo ataduka, anasolola waya umodzi wa gitala n'kumangira. A Luka anayang'ana kumbali ngati akuwazula dzino.

Kumalire tinapeza asilikali a ku Zambia atakhala pansi pa mkuyu. Akazi ndi ana anatiika mbali ina. Anyamata anawandandalika n'kuwavula malaya. Ankafuna chizindikiro cha lamba wa mfuti paphewa, chifukwa zigawenga zinkataya zida m'thengo n'kulowa pakati pa othawa. Wopezeka nacho ankamukhazika kuseri kwa lole. Palibe ankadziwa kumene lole imeneyo inkapita.

Paphewa la a Luka panali mzere wakuda, wolimba, umene chingwe cha khonje chinasiya. Mkulu wa asilikali, bambo wamfupi wa ndevu zapamlomo, anaikapo chala.

"Iwe, ichi nichani? Wenze kunyamula mfuti."

"Ndi gitala, bwana."

"Ehe, gitala. Manje ili kuti?"

Amayi, amene anatukwana chigubucho njira yonse, anandimasula chitenje okha. Anachinyamula ndi manja awiri, n'kukagwada pamaso pa mkuluyo. "Mwana wangayu ndi waulesi, bwana," anatero, "koma sanaphepo ngakhale nkhuku. Mfuti yake ndi imeneyi."

A Luka anakunga mawaya atatu otsalawo. Zala zinkaterera ndi thukuta. Anaimba nyimbo ya roko imene anaiphunzira pa wailesi ku Chipata, ya munthu wochoka pakhomo m'bandakucha n'kusiya chitseko chosatseka. Mawu awo anali osasa ndi ludzu. Ine ndinkangoyang'ana lole.

Asanafike pakati, mkuluyo anakweza dzanja.

"Apo walakwa, mudala. Siimayenda so."

Anaing'ung'udza yekha, akugogoda chipewa chake chachitsulo. Anali wa ku Kopala, ndipo asanalowe usilikali sankaphonya gule wa magitala kumigodi. Anafunsa a Luka nyimbo imene amaikonda koposa. A Luka anatchula ya azungu. Mkuluyo anati za kunja zili ndi phokoso chabe, za ku Kopala ndiye zili ndi mtima. A Luka anafunsa kuti a ku Kopalawo anaphunzira kwa yani. Msilikali wina analowerera, wina n'kumutsutsa. Ndinachita mantha kuposa tsiku la mfuti lija. Munthu wosavala malaya, wa chipsera paphewa, akukangana ndi mwini mfuti. Ndinkapemphera kuti angovomera, koma achimwene anga pa nkhani ya nyimbo sanavomerepo kanthu chibadwire.

Mkangano unabwerera ku chitseko chija. Mkuluyo anati munthuyo sanatseke chifukwa akudziwa kuti abweranso. A Luka anati ayi, akuthawa, ndipo wothawa satseka. Amayi, akadali chogwada, anafunsa kuti akulimbirana chiyani, popeza nyimboyo inali ya Chingerezi. A Luka anawamasulira.

"Nonse simukudziwa," amayi anatero. "Wasiya chosatseka chifukwa pali wina watsala m'mbuyo, kuti akafika alowe. Inenso ndinatero. Ndinawasiyira bambo ako mbatata pa mbale, ndavundikira."

Mkuluyo anatola malaya a achimwene pansi, anawakutumula fumbi, n'kuwapatsa. "Vala," anatero. "Ba mayo bawina mkangano."

Tinakhala ku msasa wa othawa mpaka mvula itagwa. Kenaka azakhali, alongo awo a abambo, anatiitanitsa kuti tibwere ku Lusaka. Anatichingamira pa siteshoni. Anatikumbatira mmodzimmodzi, kenaka anasuzumira m'basi yopanda anthu. Tinayenda wapansi mpaka ku Kabwata, ine ndili ndi gitala kumsana. Azakhali atatsegula mpopi wa panja, Tereza anathawa, poti anali asanauonepo.

Lero a Luka tsitsi lija linatha lonse. Amakonza masipika ku Kamwala. Loweruka masana adzukulu amabwera kuchokera ku Chelstone ndi ku Woodlands, n'kudzaza khonde la ku Kabwata ndi mafoni awo. Aliyense amaliza nyimbo yake yakale ya roko, n'kufotokoza chifukwa chake mawu ake ndi ozama kuposa a mnzake. "Ba shikulu, imwe simuziba," amatero. A Luka amatsutsa aliyense, ngakhale amene akugwirizana nawo. Zikafika povuta amatsitsa malaya n'kuonetsa phewa, ngati kuti chipsera ndi digiri. Ine ndimaseka mpaka misozi. Ndimakondwa kuwaona ali moyo, akukangana.

Tereza anakula, ali ndi ana ake ku Chunga. Ine mpaka lero ndikaiwala kanthu amandifunsa za mphika. Abambo sitinawaonenso. Amene anabwerera kumudzi nkhondo itatha anapeza nyumba yathu itagwa, ndipo za kudimba palibe anadziwa.

Lusaka ndi mzinda wa maloko ndi zitsulo m'mawindo. Azakhali anakangana ndi amayi zaka zambiri chifukwa chosiya khomo, mpaka anatopa. Amayi anakalambira ku Kabwata, ndipo sanatsekepo chitseko ndi dzanja lawo. Ndinkadikira kuti agone, n'kukatseka ine.