Bala Lili Kumanzere

Lachiwiri pa 14 Malichi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, mwana wanga wamkazi, namwino wa m'wodi ya amuna, anabayidwa ndi singano pachikhatho akuyalula bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Singanoyo inali yogwiritsa kale ntchito, itabisala m'nsalu. Wodwala wa pabedilo anali atatulutsidwa.

Inu a metironi munalemba pa fomu kuti anadzibaya yekha povindikira jakisoni wa wodwala wa pabedi loyamba. Ameneyo munamuyeza, magazi ake alibe kachilombo, ndiye mwati mankhwala oteteza sakufunika.

Mwanayu ndamudziwa zaka 34. Ndi wamanzere. Ine ndinali mphunzitsi, ndipo ndinathyolera marula awiri pa zala zake kuti azilemba ndi lamanja. Ndinalephera. Supuni, sizasi, ngakhale potsina ang'ono ake, zonse kumanzere. Zaka khumi wagwira m'wodi imeneyo osachedwapo, ndipo anzake amangomuitana kuti Manzere. Munthu wotere jakisoni amagwira ndi lamanzere, chivindikiro ndi lamanja. Akaphonya, bala limakhala kumanja. Lake lili kumanzere. Ndaliona ndekha, magalasi ali kumaso.

Dzulo masana anabwera kwathu ndi khanda lake.

"Bodza limeneli unasainiranji?" ndinamufunsa.

"Bambo, fomu ndinaipeza yolembalemba. Anati ndikakana ndiye kuti ndikuneneza amene anagwira ntchito ine ndisanalowe."

"Ndiye ndani ameneyo?"

"Amayi, auzeni amuna anuwa asiye upolisi, tiyi akuzizira."

Anaseka. Koma khanda litalira, sanaliyamwitse. Anangolipereka kwa mayi ake n'kutuluka panja, dzanja lija atalifumbata.

Sindikudziwa amene mukumubisa. Ndikudziwa kuti fomu yanu inalembedwa ndi munthu amene sanayang'ane dzanja la mwana wanga, kapena analiyang'ana n'kuganiza kuti kwawo kulibe wodziwa kuwerenga. Chipatala chanu chomwechi chinanditayira fayilo zaka zisanu zapitazo, ndinangokhala chete. Apa ayi.

Chikalata chimene munamata nokha pakhoma la wodi chikuti mankhwalawo amathandiza akayambidwa masiku atatu asanathe. Lero ndi Lachinayi. Mawa 10 koloko nthawi yatha.

Pabedi lachitatu panagona ndani, ndipo magazi ake munawayeza? Ngati simunayeze, mwana wanga mukumumaniranji mankhwala? Ndakhala pa benchi ya panja pa ofesi yanu. Ndiyankheni lero.