Buleki ya ku Liwonde yakanika ku Pretoria

Moni nonse. Khalani kaye pansi.

Ndi chisoni chachikulu ndikulengeza kuti laisensi ya njinga yamoto ya achimwene Yusufu yatisiya m'mawa uno, isanabadwe n'komwe.

Paja anasiya kale ntchito ya m'gadeni ku Queenswood kuno ku Pretoria, ati azikaperekera pitsa ku Centurion. Mphunzitsi wa njinga atawauza kuti sanakonzeke, anayankha kuti munthu amene anapalasa kabaza ku Liwonde saphunzitsidwa njinga.

Lero woyesa mayeso anakweza dzanja kuti achimwene aimitse njinga mwadzidzidzi. Achimwene anaiwala kuti njinga ya kuno ili ndi mabuleki. Anaponda tayala lakumbuyo ndi chidendene, monga tinkachitira kumudzi. Njinga sinamve. Nsapato ndiyo inamvera. Inavuka n'kuima pamzere penipeni, eni ake n'kupitirira mpaka kumpanda kumene ndinaima ine.

Woyesa uja anatola nsapatoyo n'kunena kuti, "Eish, iyi yokha ndiye yakhoza."

Ine amene achimwene amanditcha wothawa koleji sindikuseka ayi. Kungoti ine kukolejiko ndinabwerako ndi nsapato zonse ziwiri.

Tsono abale, tikapepese kwa bwana wa ku Queenswood, kapena titumize nsapato ikayambe ntchito ku Centurion?